Nyundo Yanga M'kompyuta ya Ernestina

Kuseri kwa shedi yanga kuno ku Ulongwe,
kumene ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo,
Ernestina wakhomerera matileyi a mazira pakhoma.
Akuti mawu asamabwerere.
Ine ndimayesa mawu akapita apita.

Kompyuta yake ndi yakaunjika, yogula kutsidya ku Dedza.
Batani limodzi linagweluka,
amadina ndi chivindikiro cha bolopeni.

Lachiwiri adandipeza ndikuwongola chitsulo.
Ababa, menyaninso.
Ndinamenya. Ngwe!
Foni yake inameza.
Imeneyo ndi sampulo, adatero,
kachidutswa ka phokoso kotsomphola kumene kamakhala
n'kukapatsa ntchito ina.
Zaka makumi awiri ndi zisanu nyundo ili m'manja mwanga,
sindinadziwe kuti ikhoza kulembedwa ganyu ndi mwana.

Madzulo ndinasuzumira.
Pagalasi panali mizeremizere ngati akalozera a fodya,
ndipo nyundo yanga ili apo, yobiriwira,
yooneka ngati minga za nsomba.

Tempo, adatero.
Ndinati ndikuidziwa, aphunzitsi Achipwitikizi ankatero ponena nthawi.
Anaseka. Muno ndi liwiro, ababa,
kugunda kangati pa mphindi imodzi.
Akaika makumi asanu ndi anayi, ndi ngolo ya mbatata yokwera chitunda.
Akaika zana ndi makumi atatu,
ndi anyamata a njinga zamoto pamsewu wa ku Domwe.

Kiki ndi chidendene chomenya pansi.
Sineya ndi mbama.
Hayihati ndi ija imati tsi-tsi-tsi pamwamba,
ndipo imeneyo sadandifotokozere,
ndinaizindikira ndekha:
ndi moto wanga uja ndodo ikamapsa.
Besi sumaimva ndi khutu.
Imalowera m'nthiti
monga lole yodutsa usiku iwe uli pamphasa.

Anadula zigundo zinayi, nazilumikiza mutu ndi mchira.
Lupu.
Tcheni cha njinga, ndinatero.
Chimapita, chimabwerera, koma njinga ikunka mtsogolo.
Anandiyang'ana kanthawi
ngati kuti ndamubera mawu m'kamwa.

Kenaka anapotokola kabatani kojambula,
nyundo yanga inalira ngati ili m'tchalitchi chopanda anthu.
Rivebu.
Iwe mwana, ndinati, matileyi onsewa wakhoma kuthamangitsa kubwerera kwa mawu,
lero ukukuitananso?
Kuja kunali kobwera kokha, ababa.
Uku ndi koitanidwa.

Kumikisa ndiye kunamudyera masiku atatu.
Kutsitsa uyu, kukweza uyo,
kusefa kuthwa kwa chitsulo kuti kusalase khutu,
kukankhira wina kumanzere, wina kumanja,
poti besi ndi kiki ndi ana a mimba imodzi,
akakhala mpando umodzi amalimbana.

Lachisanu ndinayatsa makina anga
kuti ndimalize geti la a Ngozo.
Mita inalira kawiri. Thi!
Mayunitsi atha.
Kuseri kunali zii.
Sanasunge.
Masiku atatu anapita ngati utsi wa ndodo.
Sanalire, anangovula mahedifoni
n'kuwapachika pamsomali mwaulemu,
ulemu wopweteka kuposa chipongwe.

Mametikali mazana awiri a ndodo zamawa
ndinakagulira magetsi.
Geti la a Ngozo lidikire,
mbuzi zawo zazolowera kale kutuluka.

M'mawa ndinagogoda pachitseko chake ndi nyundo m'manja.
Ndimenyenso?
Yoyamba ija ilipo m'foni, adatero.
Komabe menyani.
Ndinamenya, koma sinatuluke ngati ija.
Yatuluka yolemera, adatero. Imeneyi ikhala kiki.

Tsopano vuto ndi ili:
sindithanso kumenya chitsulo mwachisawawa.
Dzanja likangokwera, mutu wayamba kuwerenga,
imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
ndipo mnyamata wondithandiza, Belmiro,
amagwedeza mutu atagwira pulayala,
osadziwa kuti akuvina.